Chithunzi cha Malume Atanyamula Tambala

2013 mpaka 2019

Tadala ndi Yamikani, ana anga, za ntchito yanga ya ku esiteti ya fodya ku Kasungu ndalemba kale, sindibwerezanso. Mutu uno ndi wa ku Doha, komanso wa mmene ndinakwatirira amayi anu a Esinati. Zina mukuzidziwa chifukwa munalipo, koma za envulopu imene ndinalowa nayo mu ofesi ya kazembe sindinakuuzenipo.

Ndinapita ku Doha mayi anu okuberekani atangomwalira, inu mukadali pasukulu. Ntchito inali yaulonda panyumba yaitali ya maofesi ku Al Dafna. Tinkaima tsiku lonse pakhomo lagalasi, kutsogolo kukuwomba mphepo yozizira ya makina, kumsana kukutentha ngati pang'anjo, ndipo maondo angawa anathera pamenepo. Kapitawo wathu tinkamutchula kuti a Yalla, chifukwa mawu amenewo, otanthauza kuti fulumirani, sankachoka pakamwa pake. Munthu ukumwa madzi, yalla. Ukumanga nsapato, yalla. Sanali munthu woipa kwenikweni, koma ankatiwona ngati mipando, yoti ikatha umangoitanitsa ina. Tinkagona ku Al Muntazah, anthu angapo m'chipinda chimodzi, ndipo bedi la pamwamba pa langa linali la Sakala, mnzanga wa ku Chipata. Sakala anali wamtima wabwino koma wodziwa zonse. Ukamufunsa njira ya kumene sanafikeko, ankakulongosolera mpaka mtundu wa chitseko.

A Esinati ndinaphunzira nawo ku pulayimale ku Mchinji. Iwo anapita ku Amereka kalekale kukagwira ntchito yosamalira odwala, anakhala nzika ya kumeneko, ndipo nawonso anaferedwa. Tinapezananso pafoni chifukwa cha maliro a mnzathu wina wa kusukulu. Tinayamba ndi kupepesana, kenako kufunsana za ana, kenako kufunsana ngati tadya, ndipo munthu wamkulu akayamba kukufunsa ngati wadya ndiye kuti nkhani yapita patali. Mu 2019 akupita kumudzi anaima ku Doha masiku awiri. Tinayenda m'mbali mwa nyanja, ine nditavala nsapato zobwereka kwa Sakala zimene zinkandiluma chala, ndipo ndinawafunsira ngati mnyamata. Tinagwirizana kuti chinkhoswe ndi ukwati zidzachitike ku Mchinji chaka chotsatira, m'mwezi wa Ogasiti.

2020

Kenako kunabwera matenda aja. Ndege zinaleka kuuluka, nyumba yathu ya maofesi inakhala gwa, ndipo ife tinkalondera zipinda zopanda anthu titavala timansalu kukamwa. A Esinati ankagwira ntchito pakati pa odwala enieniwo. Foni yawo ikangokhala osayankhidwa, ine ndinkaimbabe mpaka ayankhe. Ndinaimbira malume anga a Zefaniya, amene anali nkhoswe yanga, kuwauza kuti zonse tiziimitse kaye mpaka dziko litakhazikika.

"Muimitse chiyani?" anandifunsa malume. "Kodi ukwati amamanga ndi ndege? Ukwati timamanga ndife ankhoswe. Inu awirinu ndinu ana, ntchito yanu pa chinkhoswe n'kungokhala pansi n'kumamvetsera. Nanga pafoni simungamvetsere?"

"Malume, anthu adzatiseka," ndinatero ine.

"Aseke. Ine ndakula, mphwanga, ndipo matendawa akutola ife okalamba. Ndikufuna ndikupereke ndili ndi maso."

Achimwene awo a Esinati, a Lazaro, amene anali nkhoswe ya kuchikazi, anavomera. Motero chinkhoswe chinachitika pakhonde la kwa a Lazaro, pali anthu ochepa, eni ake tili kutsidya kwa nyanja. Iwe Tadala ukukumbukira kuti unaika mipando iwiri kutsogolo, pampando wina n'kutsamiritsa foni imene munali ine, pawinawo foni imene munali a Esinati. Ine ndinali m'kachipinda kosinthira zovala ku Al Dafna, nditavala yunifolomu, ndikuopa kuti a Yalla andipeza. Malume anavala suti yanga yakuda imene ndinaisiya kumudzi, manja ake akuwapitirira. Ananyamula tambala, a Lazaro ananyamula msoti, anasinthana monga mwa mwambo, amayi n'kululutira. Malangizo ambiri sindinawamve chifukwa foni inkadukaduka, koma ndinamva malume akunena kuti, "Kuyambira lero awa ndi banja." Kwa ine ukwati wanga unayamba tsiku limenelo. Madzulo ake Yamikani unanditumizira chithunzi: malume ndi tambala wawo, a Lazaro ndi msoti wawo, kumbuyo mipando iwiri ya mafoni.

2021

Malume anamwalira mu Januwale ndi matenda omwewo. Sindinapite kukawaika, ndipo anaikidwa mofulumira, anthu ataima patali. Ndinalira ndili pantchito, nditatembenukira kukhoma. Mpaka lero chimandipweteka.

Chakumapeto kwa chaka ndinapatsidwa tchuthi chachifupi, a Esinati nawonso anapeza mpata, ndipo tinakumana ku Lilongwe. Tinakalembetsa ukwati kuboma pamaso pa mboni ziwiri. Phwando sitinachite, poti tinali tidakali pachisoni komanso anthu sankaloledwa kusonkhana ambiri. Chithunzi chimene anatijambula pakhomo la ofesiyo tonse tinali titaphimba kukamwa ndi mphuno, moti ukanatha kunena kuti ndi anthu ena alionse. Sabata itatha aliyense anakwera ndege yake. A Esinati atafika kwawoko anayamba kundilembera mapepala oti ndikakhale nawo monga mwamuna wawo, ndipo anandiuza kuti chomalizira chidzakhala kukafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe wa dziko lawolo ku Doha komweko.

2022

Chaka chimenechi ndinachitha ndi kudikira. Malamulo a ntchito anali atasintha, munthu ankatha kusiya kampani n'kulowa ina popanda kupempha chilolezo kwa bwana wake. Anzanga ambiri anachoka, ena kumahotela, ena kukayendetsa magalimoto kunyumba za ku Al Messila. Sakala nayenso anakhala dalaivala. Ine ndinakakamira kwa a Yalla, osati chifukwa chowakonda, koma ndinkaopa kuti ndikagwedeza chilichonse pa chitupa changa chokhalira m'dzikomo, nkhani yanga ingasokonekere n'kuyambiranso kumchira. Chakumapeto kwa chaka, mpira waukulu wa dziko lonse uja utatha, kampani inayamba kuchepetsa alonda, ndipo inayambira kwa ife aimvi. A Yalla anandiitana n'kundiuza kuti chitupa changa chikatha mu Malichi sadzachiwonjezeranso. "Khalas," anatero, kutanthauza kuti zatha, uku akuyang'ana foni yake.

Uthenga wa tsiku la mafunso unabwera patangopita masabata ochepa, ndipo unati Febuluwale. Apa mpamene mantha anandigwira zenizeni. Ndikapambana, ndikakhala ndi mkazi wanga. Ndikakanidwa, ntchito yatha kale, ndibwerera ku Mchinji, iwo akhala kutali, ndipo banja lathu likalambira pafoni. A Esinati sakanasiya ntchito ndi ana awo kuti anditsatire. Chakudya chinaleka kulowa, ndipo lamba ndinaboolanso bowo lina.

Sakala anadzisankha yekha kukhala mphunzitsi wanga. Lachisanu lililonse ankabwera ku Al Muntazah, n'kukhala pabedi ngati woweruza.

"Mudala, aja ma officer sibaseka," ankatero. "Bazakufunsani, madam bagona side iti ya bed? Toothbrush yao ni colour bwanji? Muka delay chabe pang'ono, khalas, bakuchitani deny."

"Nanga ine ndakhala nawo sabata imodzi yokha, mswachi ndinauwona liti?"

"Ndiye mufunika ku practisa. Manje onetsani ma photos ya wedding."

Ndinamuwonetsa cha ku Lilongwe, anapukusa mutu. Ndinamuwonetsa cha chinkhoswe, anagwira pakamwa.

"Ah, mudala! Wedding ilibe groom, ilibe bride, ili chabe na madala babili na nkhuku? Aba bantu bazaganiza ni fake marriage, ati mwagula chabe ma papers. Ni problem iyi."

Ndinayesa kumuuza kuti mwambowu nayenso akuudziwa, kwawo ndi kwathu n'kumodzi. Anati iye akuudziwa, koma mzungu wa kuseri kwa galasi saudziwa. Lachisanu lotsatira anabwera akumwetulira, atanyamula envulopu. Anali atapita kwa mnzake wojambula zithunzi, ndipo anandikonzera mphatso. Nditatsegula ndinapeza chithunzi chomwe chija cha pakhonde, koma mutu wa malume unali utachotsedwa, pamalo pake pali mutu wanga. Suti inali yanga kale, choncho sinafunike kusintha. Pamene panali a Lazaro panaima a Esinati atavala chitenje chimene anavala ku Doha. Mipando ya mafoni inali itafufutidwa. Ntchitoyo inagwiridwa mwaluso, ine ndemwe ndikanakhulupirira kuti ndinalipo.

"Mafi mushkila," anatero Sakala, ndiko kuti palibe vuto. "Palibe azaziba. Nanga ni boza? Simunakwatire? Tangokonza chabe kuti bamvetse."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinachikana pomwepo, koma sindinachikane. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Manja amene ananyamula tambalayo anali a malume, okhala ndi chipsera cha chikwakwa pachala chachikulu, ndipo wojambula uja sanawasinthe. Mtima wina unkati uku n'kuwaika m'manda kachiwiri. Mtima wina unkati malumewo ankafuna banjali likhale, sangadandaule kubwereketsa thupi lawo monga ine ndinawabwereka suti. A Esinati sindinawauze, poti ndinkadziwa chimene akananena. Zithunzi zonse ziwiri ndinaziika mu envulopu imodzi, ngakhale ndinkadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

2023

Tsiku la mafunsolo Sakala anapempha kwa abwana ake n'kundiperekeza pagalimoto. Iye anatsala panja. Pachipata anandilanda foni, ndipo alonda anandipapasa monga ine ndinkapapasira anthu zaka zonsezo. Mkati munali mipando yondandalika ndi mawindo agalasi. Anthu ankaitanidwa mmodzimmodzi, ndipo zokamba zawo zinkamveka kwa tonse. Bambo wina amene anali patsogolo panga anabwezeredwa mapepala ake onse n'kutuluka akuyenda ngati waledzera.

Amene anandiitana anali mayi wachitsikana, wamsinkhu wako Tadala, wovala magalasi. Anandiuza kuti ndikweze dzanja n'kulumbira kuti ndinena zoona zokhazokha. Ndinalumbira, envulopu ili kukhwapa. Tinkalankhula Chingerezi, koma ndilemba m'chinenero chathu. Anandifunsa dzina la mkazi wanga, ntchito yawo, mayina a ana awo, ndi kumene tinadziwirana. Zonsezo ndinayankha bwino. Za mswachi sanafunse n'komwe.

"Munakwatirana liti?" anafunsa mayiyo.

"Mu Ogasiti 2020," ndinayankha osaganiza n'komwe.

Anasiya kulemba. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. "Chikalata chanu chaukwati chikunena Novembala 2021. Ndipo mu Ogasiti 2020 inu munali kuno, akazi anu anali ku Amereka. Mwamuna amaiwala bwanji chaka chimene anakwatira?"

Sakala anandiphunzitsa zambirimbiri, koma funso losavutali sitinaliyeserere, chifukwa ndani angaganize kuti lingamugwetse munthu? Ndinamuuza kuti la Novembala ndi tsiku limene boma linatilemba, koma kwathu banja limayamba pamene ankhoswe a mbali ziwiri agwirizana pamaso pa abale, ndipo zimenezo zinachitika mu Ogasiti.

"Muli ndi chithunzi cha mwambo umenewo?"

Ndinatsegula envulopu. Zithunzi ziwiri zija zinali zitagundana, cha Sakala chili pamwamba. Ndinaona nkhope yanga ikumwetulira pathupi la malume. Mayiyo anali atangonena kumene kuti mu Ogasiti ndinali ku Doha, choncho chithunzicho chikanandipachika pomwepo, koma kunena zoona nzeru imeneyo inandifikira pambuyo pake, ndili kale panja. Panthawiyo mutu sunkagwira. Chimene ndinaona ndi chala chija chachipsera, ndipo dzanja langa linakana. Ndinasolola cha pansi n'kuchilowetsa pa kampata ka pansi pa galasi.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yake osasintha. "Inu muli pati apa?"

"Pampando wa kumanzerewo, mayi. Foni imeneyo ndine. Inayo ndi akazi anga."

"Nanga nkhukuzi?"

Ndinafotokoza kuti tambala amachokera kuchimuna, msoti kuchikazi, ndipo akasinthana ndiye kuti mabanja awiri alandirana ana. Ndinati ankhoswe si mboni zongosaina n'kumapita, ndi anthu amene banja likagwedezeka amaligwira.

"Bambo a suti yaikuluwa ndani?"

"Ndi malume anga, nkhoswe yanga. Sutiyo ndi yanga. Anamwalira patangopita miyezi yochepa." Apa misozi inatuluka, ndipo ndinachita manyazi kulira pamaso pa mwana ndi anthu onse aja. Iye anadikira osandifulumizitsa.

"Mwati ankhoswe amagwira banja likagwedezeka," anatero nditakhazikika. "Lanu linagwedezekapo?"

Ndinazengereza, chifukwa Sakala anandilangiza kuti ndizinena kuti sitinakanganepo. Koma ndinali nditayamba kale njira ya zoona. Ndinamuuza kuti chinkhoswe chitangochitika, nanenso ndinadwala matenda aja n'kutsekeredwa kumalo a odwala, ndipo a Esinati ndinawabisira poopa kuwadetsa nkhawa. Atamva kwa ena anakwiya, anasiya kuyankha foni yanga, n'kukadandaula kwa a Lazaro. A Lazaro anapalasa njinga kupita kwa malume, ndipo awiriwo anatiweruza pafoni. Ine ndinapezeka wolakwa, anandilipitsa nkhuku.

"Nkhukuyo anadya ndani, poti nonse munali kunja?"

"Ankhoswe omwewo, mayi."

Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, koma sanaseke. Anabwerera ku makina ake n'kulemba kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako anandibwezera chithunzi ndi zikalata zanga, koma pasipoti yanga anaitenga n'kuiponya m'kabasiketi kumbuyo kwake.

Ana anga, kuti mumvetse chimene ndinachita, dziwani kuti zaka zanga zoyamba ku Doha pasipoti yanga inkagona m'kabati ya kampani. Munthu akakutengera pasipoti kumeneko ndiye kuti wakumanga miyendo, ndipo titayamba kusunga tokha ndinalumbira kuti sidzachokanso m'thumba mwanga. Nditaona ikulowa m'basiketi, ndinaiwala ulemu. Ndinalowetsa zala pa kampata kaja.

"Chonde mayi, ngati ndalakwa kuyankha, ndikanizeni, koma pasipoti yokhayo ndibwezereni. Ndilibe njira ina yopitira kwathu."

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaweramira pafupi ndi galasi n'kulankhula pang'onopang'ono. "Bambo, ndikakubwezerani lero ndiye kuti ndakukanizani. Ikutsala kuno kuti tiikemo chilolezo chanu. Mukuifunabe?"

Ndinabweza zala zanga msangamsanga ngati ndagwira mbaula.

Panja dzuwa linali paliwombo. Sakala anandithamangira akufunsa kuti ndawonetsa chithunzi chiti, koma ndinamukankhira pambali n'kuyatsa foni imene anandibwezera pachipata. A Esinati anayankha isanalire n'komwe kawiri. Sanapereke moni.

"Pasipoti ili kuti?" anafunsa.

"Andilanda," ndinatero.

Ndinamva akulira, mayi amene anaona odwala ambiri akutsirizika osagwetsa msozi pantchito. Atapuma anati, "Ndiye kauzeni a Yalla anuwo kuti mawa apeze wina woima pakhomo. Inu bwerani kunyumba."